Kugula Chakudya ndi Makuponi: Kabuku ka Mabanja Athu a ku Joni ndi ku Mangalande

Ambiri a ife mawu oti kuponi sitinawamvere m'sitolo. Tinawamvera pabwalo la amfumu. Munali mu 2005 pomwe boma la Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi a feteleza, ndipo amene dzina lake latuluka ankasamala kapepalako ngati dzira: kukakulunga m'jumbo, kukamanga pansonga ya chitenje, mpaka tsiku lokagula matumba awiri a makilogalamu 50 pamtengo wotsika. Ndalama yotsalayo ankalipira ndi boma, ndipo cholinga chinali choti pakhomo pakhale chimanga.

Kuponi imene mukumane nayo m'masitolo a ku Johannesburg, Cape Town, Manchester kapena Leeds ndi yamtundu wina. Wolipira ndi mwini sitolo, apo ayi kampani yopanga katunduyo, ndipo chomwe akufuna n'choti mudzabwerenso, komanso kuti mutuluke ndi zambiri kuposa zomwe munalowera. Si chinyengo ayi, ndi malonda. Zinayamba chomwecho: kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mumzinda wa Atlanta ku America, wamalonda wina dzina lake Asa Candler ankagawa timapepala toti munthu akamwere tambula imodzi ya Coca-Cola kwaulere, podziwa kuti wolawayo mawa adzabwera ndi ndalama yakeyake.

Kabukuka ndalembera inu amene malipiro amodzi akudyetsa nyumba ziwiri, ya kuno ndi ya kumudzi. Kwa inu R200 yotsala pogula chakudya si tchenji chabe. Ndi sopo wa agogo, ndi makope a mwana wa achemwali. N'chifukwa chake ndikufuna timvane chinthu chimodzi poyambirira pomwe: kuponi imakusiyirani ndalama pokhapokha ikatsitsa mtengo wa chinthu chomwe munali mutakonza kale kugula. Ikakunyamulitsani china, yakudyerani, ngakhale lisiti litalemba kuti mwapindula.

Kuponi ya lero ili m'khadi ndi m'foni

Ku America kunazolowereka kudula makuponi m'nyuzipepala ya Lamulungu n'kupita nawo kusitolo ali mtolo. Kumene tili ife timapepala totere tilipo ndithu, tina timatuluka pamodzi ndi lisiti, koma kutsitsa kwenikweni kunasamukira m'makadi a masitolo. Ku Joni, Pick n Pay inayambitsa Smart Shopper mu 2011, Checkers inabweretsa Xtra Savings mu 2019, ndipo Shoprite inatsatira mu 2020. Ku Mangalande ndi nkhani yakale: Tesco Clubcard ndi ya 1995, Nectar yomwe imagwira ku Sainsbury's ndi ya 2002, pomwe ya Lidl ili m'foni, dzina lake Lidl Plus. Kulembetsa n'kwaulere. Ku Joni amafunsa dzina, nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso kapena pasipoti.

Makadiwa amagwira ntchito m'njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Njira yoyamba ndi ya mitengo iwiri pashelefu: wina wa aliyense, wina wotsikirapo wa amene ali ndi khadi. Mukaonetsa khadi polipira, ndalama imachoka pompo. Apa ndi pamene pali phindu looneka. Njira yachiwiri ndi ya mapointi, omwe amaunjikana pang'onopang'ono kuti mudzagulire zinthu mtsogolo. Mapointi musawakane, koma musawathamangire. Ku Tesco paundi imodzi imabala pointi imodzi, ndipo pointi imodziyo ndi peni imodzi. Mukagula za £100 mwapata £1. Ku Nectar mapointi 500 ndi £2.50. Munthu amene akuwonjeza katundu m'kangolo kuti mapointi achuluke akufanana ndi wogula mbuzi chifukwa chofuna chingwe.

Palinso makuponi amene sitolo imakutumizirani inu nokha, m'foni kapena pakapepala, potengera zomwe mumagula kawirikawiri. Ambiri a iwo amafuna kuti muwadine kaye m'foni musanafike polipira, ndipo ali ndi tsiku lothera. Amadziwa bwanji kuti mumakonda nyemba za m'chitini? Khadi lija limalemba chilichonse chomwe mwagula, tsiku lake ndi nthawi yake. Amenewo ndiwo malipiro anu kwa iwo. Ine ndinaona kuti n'zopiririka, koma ndi bwino mulembetse mukudziwa, ndipo pamene akufunsa ngati mukulola kumalandira mauthenga otsatsa malonda, muli ndi ufulu wokana.

Yambirani kukhitchini

Tsiku lokagula lisanafike, khalani pansi ndi pensulo ndi kope lakale la mwana. Tsegulani kabati, suzumirani m'ndowa ya ufa, pendeketsani botolo la mafuta. Lembani zimene zatha ndi zimene zatsala pang'ono. Kenako werengani masiku: kufikira malipiro ena, mphika ukhala pamoto kangati, nanga ndiwo zake zikhala ziti? Ana anyamula chiyani kusukulu? Amene amapita kuntchito usiku adya chiyani? Zimenezi zikalembedwa, m'pamene mutsegule kapepala ka mitengo ka sitolo kapena foni yanu, n'kuyamba kufufuza ngati mwa zomwe mwalembazo muli zomwe zatsitsidwa. Mukayamba ndi kapepala ka sitolo, ndiye kuti mndandanda wakulemberani ndi mwini sitolo.

Mlamu wanga wina amene wakhala ku Durban zaka zambiri ndiye anandiphunzitsa izi, osati ndi mawu koma ndi zomwe ndinaona. Tinali kukhitchini madzulo ena, iye akusenda anyezi, mwana wake wamkazi akuwerenga makuponi m'foni.

"Amayi, taonani, akuti zakumwa tikatenga mabotolo atatu tilipira awiri okha."

"Zili pakope?"

"Ayi, palibe."

"Ndiye kuti akufuna tilipire mabotolo awiri omwe sitimawafuna, mwanangu. Taona ngati pali mpunga."

Mpunga unalipo, ndipo anaudina. Mwa makuponi onse amene anali m'fonimo anatenga atatu okha. Enawo anawasiya athe masiku awo, osadandaula n'komwe.

Kope lomwelo likhale ndi tsamba lina la mitengo. Sankhani zinthu khumi kapena khumi ndi ziwiri zomwe sizisowa pakhomo panu: ufa, mpunga, mafuta, shuga, mazira, mkaka, buledi, nkhuku, nyemba, sopo wochapira, matewera ngati pali khanda. Nthawi iliyonse mukagula, koperani palisiti mtengo, kukula kwa paketi ndi dzina la sitolo. Ikamatha miyezi iwiri mudzakhala mukudziwa mtengo weniweni wa chinthu chilichonse, ndipo chikwangwani chofiira sichidzakututumutsani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kope lija ndilo limakung'ambirani mkuyuwo musanaulume. Mudzaonanso kuti zinthu zina zimatsika mobwerezabwereza, makamaka kumapeto kwa mwezi. Sopo, mafuta ndi mpunga, zomwe sizionongeka msanga, mutha kumazidikira kuti zitsike n'kugula zokwana mpaka ulendo wina.

Woweruza ndi kilogalamu

Gawo ili likhoza kuoneka ngati masamu a kusukulu, koma ndi limene limabweza ndalama zambiri, choncho ndichedwapo. Mitengo yomwe nditchule ndi yongoyerekezera. Yeniyeni muyiona pashelefu.

Tiyerekeze kuti paketi ya ufa ya makilogalamu 2.5 ili pa selo, yalembedwa R32 ndi zilembo zikuluzikulu. Pansi pake pali thumba la makilogalamu 10 la R115, lopanda chikwangwani chilichonse. Tengani foni, gawani mtengo ndi kulemera. Paketi ija kilogalamu imodzi ikugwa R12.80. Thumba lija ikugwa R11.50. Chomwe chili pa selo ndicho chodula. Koma musathamangire kunena kuti chachikulu n'chotchipa nthawi zonse. Tiyerekezenso botolo la mafuta la malita awiri pa R70, ndiye kuti lita ndi R35. Pambali pake kabotolo ka mamililita 750 katsitsidwa ndi khadi kufika pa R24. Gawani 24 ndi 0.75, mupeza R32 pa lita. Apa kakang'ono kapambana, ndipo ngati mafuta ali pakope, tengani timabotolo titatu m'malo mwa chibotolo chimodzi.

Ku Mangalande lamulo limafuna kuti masitolo akuluakulu alembe pashelefu mtengo wa kilogalamu, lita kapena magalamu 100. Umakhala m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa mtengo waukulu. Masitolo ambiri a ku Joni nawonso amalemba. Zoloweretsani maso anu kuyamba ndi tizilembo timeneto. Chenjerani pokha kuti china chikhoza kulembedwa pa magalamu 100 pomwe chinzake chalembedwa pa kilogalamu. Mukatero chulukitsani choyambacho ndi 10.

Nkhuku ya m'firiji ili ndi nkhani yakeyake. Ku Joni nthuli zoumitsa ndi madzi oundana, zomwe ambiri timadalira, zimabayidwa madzi amchere. Kuyambira mu 2016 malamulo amalola madziwo kufika pa 15 peresenti ya kulemera kwa nthuli, ndi 10 peresenti pa nkhuku yathunthu, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa papaketi. Ndiye kuti m'paketi ya makilogalamu 2 mukhoza kukhala magalamu 300 a madzi, ndipo m'ya makilogalamu 5 magalamu 750. N'chifukwa chake nthuli zimafota mumphika. Poyerekeza ndi nkhuku yosaumitsa, chotsani kaye madziwo pakulemera musanagawe mtengo. Nthawi zina youmitsa imapambanabe, nthawi zina ayi.

Kumapeto kwa mwezi masitolo a ku Joni amakonda kumanga zinthu pamodzi: ufa, mpunga, shuga, fulawa ndi mafuta pamtengo umodzi. Mtolo wotere umathandiza banja lalikulu lomwe limadya zonsezo. Koma phatikizani mitengo ya chimodzichimodzi kuchokera pakope lanu, ndipo dzifunseni ngati fulawa wa makilogalamu 10 mudzamuphikadi. Ngati pakhomo panu sipakazingidwa mandasi kapena zitumbuwa, chotsani mtengo wake ndipo muone ngati zotsalazo zikadali zotchipa.

Chinanso chimene kuponi imabisa ndi katundu wa dzina la sitolo yomweyo, monga Ritebrand ku Shoprite ndi No Name ku Pick n Pay, kapena zolembedwa dzina la Tesco, Asda ndi Sainsbury's. Makuponi ambiri amakhala a mayina otchuka, omwe ngakhale atatsitsidwa amakhalabe pamwamba pa katundu wopanda dzinayu. Mchere ndi mchere, shuga ndi shuga. Pa ufa pokha ndikumvetsa kuti banja lililonse lili ndi womwe linazolowera, kaya ndi Iwisa, Ace kapena White Star, ndipo nsima ikakanika kukoma palibe chomwe mwapindula. Yesani kapaketi kakang'ono kaye.

Kodi mitengo ya khadi ndi yoona? Mu November 2024 bungwe la boma la Britain loona za mpikisano pamalonda, la Competition and Markets Authority, litaunika katundu pafupifupi 50,000 wogulitsidwa pamtengo wa khadi, linapeza kuti 92 mwa 100 aliyense anali wotsikadi poyerekeza ndi mtengo wa masiku onse wa sitolo yomweyo. Koma linachenjezanso kuti mtengo wa khadi si kuti nthawi zonse ndiwo wotsikitsitsa m'tauni. Aldi ya ku Mangalande ilibe khadi lotere, komabe pa zinthu zambiri imapikisana nawo. Ndipo abale athu kumeneko akudziwa kuti ufa wa nsima, matumba akuluakulu a mpunga, nyemba zouma ndi tsabola zimapezeka bwino m'masitolo a Amwenye ndi a anthu a ku Africa, komwe kulibe kuponi n'komwe. Muwerengerenso ndalama ya takisi kapena basi. Kuyenda ulendo wa R30 kukapulumutsa R18 n'kutaya R12 ndi theka la tsiku.

Thumba lomwe linandiphunzitsa

Chaka china ndili ku Cape Town, tikukhala awiri m'kachipinda kamodzi, ndinapeza thumba la ufa la makilogalamu 25 litatsitsidwa kwambiri m'sitolo ina. Ndinawerengera kilogalamu, masamu anavomera, ndinalisenza mpaka kunyumba mtima uli mbee. Ndinaliimika pakona, pasimenti. Unali mwezi wa June, ndipo amene anakhalako kumeneko akudziwa kuti dzinja lake ndi la mvula ndi chinyontho, makoma amachita kulira. Patatha masabata asanu ndi awiri, ndikutapa ufa ndinaona ukutuluka zibuluma. Nditanunkhiza ndinamva fungo la chuku, ndipo pansi pa thumba panali patada. Pafupifupi theka tinataya. Ufa wachuku si wosefa n'kudya, ndipo musaupereke kwa ana poganiza kuti moto upha zonse.

Masamu a kilogalamu anali olondola, koma ndinaiwala funso lachiwiri: kodi tidzamaliza chisanaonongeke? Ngati mwagula thumba lalikulu, khuthulirani ufa m'ndowa zouma zotseka bwino, ndipo muziike pathabwa kapena panjerwa, osati pasimenti kapena mogunda khoma. Ufa watsopano musauthire pamwamba pa wakale. Malizani wakale, tsukani ndowa, iume, kenako thirani. Mgaiwa suchedwa kuwawa poyerekeza ndi ufa woyera chifukwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, choncho ugulidwe wochepa. Nyemba ndi mpunga muziziyang'ana ngati mwalowa anankafumbwe. Masamba akachuluka pamtengo wabwino, kumbukirani luso la amayi athu: kuwafutsa n'kuyanika, kapena kuwawiritsa pang'ono n'kusunga m'firiji m'timapaketi tokwana mphika umodzi.

Zakudya zomwe zatsitsidwa kale ndi boma

Ku South Africa msonkho wa VAT ndi 15 peresenti, koma pali zakudya zomwe boma linazichotsera msonkhowu: ufa wa chimanga, chimanga chokonola, mpunga, buledi wabulauni, nyemba zouma, mazira, mkaka, mafuta ophikira, masamba, zipatso ndi nsomba za m'chitini za mtundu wa pilchards, mwa zina. Ku Mangalande nakonso zakudya zambiri zilibe msonkhowu, pomwe maswiti, makirisipi ndi zakumwa zotsekemera zimalipitsidwa 20 peresenti. Taonani mndandandawo bwino: ndi chakudya chomwe tinakulira. Banja lomwe likudya nsima, nyemba, mazira, masamba ndi nsomba likuyenda kale m'njira yotchipa.

Ndikunena izi chifukwa mukaunika makuponi omwe amabwera m'foni, ambiri ndi a mabisiketi, zakumwa, tchipisi ndi zophikaphika za m'mapaketi. Kuponi ya kabichi siipezeka kawirikawiri. Ndaonapo mabanja akusintha kadyedwe pang'onopang'ono chifukwa chotsatira zotsitsidwa, mpaka ana kuyamba kukana nyemba. Zimandiwawa, chifukwa ndalama yapita, thanzi lapitanso.

Zomata zachikasu ndi masiku a papaketi

Chakudya chikayandikira tsiku lake, masitolo amachimata kapepala ka mtengo wotsika. Ku Mangalande kamakhala kachikasu m'masitolo ambiri, ndipo kutsitsa kwakukulu kumachitika chakumadzulo. Nthawi yake imasiyana sitolo ndi sitolo. Funsani mwaulemu wogwira ntchito amene mumamuona kawirikawiri, adzakuuzani. Buledi, nyama, nsomba ndi masamba zimapezeka motere pamtengo wabwino kuposa wa kuponi iliyonse. Palibe chamanyazi pamenepa.

Chofunika n'kudziwa kuwerenga masiku. Mawu oti "use by" ndi a chitetezo cha moyo: amalembedwa pa nyama, nsomba ndi zina zosachedwa kuola, ndipo tsikulo likadutsa musadye, ngakhale chikuoneka bwino ndi kununkhira bwino. Mukagula nyama yotsala ndi tsiku limodzi, iphikeni tsiku lomwelo kapena iikeni m'chipinda choumitsa cha firiji tsikulo lisanadutse. Mawu oti "best before" ndi a kakomedwe chabe: mpunga, pasitala, mabisiketi kapena zam'chitini zikhoza kudyedwa tsikulo litapita, malinga zasungidwa bwino ndipo paketi sinabooke. Chitini chotupa, chodontha kapena chochita dzimbiri pamsoko chisiyeni, ngakhale atakupatsani chaulere. Ndipo inu a ku Joni, musanadzaze firiji ndi nyama yotchipa, ganizirani za kuzimazima kwa magetsi m'dera lanu. Nyama yomwe yasungunuka n'kufunda siyenera kubwezeredwa kuti iumenso.

Pamene m'thumba mulibe ya thumba lalikulu

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga izi mukuti: zonsezi n'za anthu a malipiro a pamwezi, nanga ine wa maganyu, wolandira ya tsiku? N'zoona, ndipo n'zopweteka kuti wosauka ndiye amagula modula. Kumudzi timadziwa timapaketi ta ufa tokwana nsima imodzi tomwe timagulitsidwa pamsika. Ku Joni ndi kapaketi ka kilogalamu imodzi pa kagolosale ka spaza. Mukawerengera kilogalamu, ndi ufa wodula kuposa wina uliwonse.

Njira yomwe ndaona ikugwira ntchito ndi yogula pagulu. Ife tili ndi chipereganyu ndi banki m'khonde. Eni dziko ali ndi stokvel, ndipo ena mwa magulu amenewa ndi osonkherana chaka chonse n'kudzagula chakudya chambiri mu December. Simuyenera kudikira chaka. Mabanja atatu kapena anayi a pabwalo limodzi, kapena a mpingo umodzi, akhoza kusonkha sabata iliyonse, mmodzi n'kupita ndi khadi kukagula thumba la makilogalamu 12.5, katoni ya nsomba za m'chitini, thireyi ya mazira 30 ndi chigubu cha mafuta, kaya ku sitolo wamba kaya ku yogulitsa zambirimbiri ngati Makro. Ndalama ya takisi imakhala imodzi. Pogawana gwiritsani muyeso umodzi womwe nonse mwavomereza, kapu yomweyo kapena sikelo, ndipo mugawane onse akuona.

Zomwe zimapha magulu otere si mitengo ayi, ndi kukayikirana. Lembani m'kope amene wapereka ndi tsiku lake. Wopita kukagula ajambule lisiti n'kutumiza pagulu la WhatsApp asanafike n'komwe. Muzisinthana opita. Ngati mukusonkha za miyezi yambiri, ndalama isagone m'nyumba ya munthu, makamaka chaka chikamatha pomwe akuba amadziwa kuti magulu ali ndi ndalama. Ikani kubanki, kapena gulani mavocha a sitolo. Lamulo loteteza ogula la ku South Africa, Consumer Protection Act la 2008, limati vocha yolipiriratu isathe mphamvu zisanakwane zaka zitatu.

Abale omwe mumawatumizira ndalama kumudzi auzeninso masamu omwewa. Kumsika wa kwathu kulibe khadi, koma kuli basela wa kasitomala wokhazikika, kuli mtengo wa madzulo pamene wogulitsa tomato sakufuna kubwerera naye, ndipo kuli mwezi wa May ndi June pomwe chimanga chimatsika chifukwa anthu angokolola. Ndalama yotumizidwa nthawi imeneyo imagula chimanga chambiri kuposa yomweyo ikatumizidwa mu January kapena February.

Makuponi abodza

Uthenga ukabwera pa WhatsApp kapena Facebook woti sitolo yakutiyakuti ikugawa mavocha a R1,000 pokondwerera chaka chake, ingodinani apa n'kutumiza kwa anzanu khumi, umenewo ndi msampha. Akufuna nambala ya chiphaso chanu, ya khadi la kubanki, kapena nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pafoni. Kuponi yeniyeni simuilipirira, siifunsa za kubanki, ndipo imapezeka m'pulogalamu ya sitoloyo, pakapepala kake kapena palisiti. Uthenga woterewu ukachokera kwa achimwene kapena kwa mayi a kumpingo, sikuti iwo ndi akuba, nawonso anamizidwa. Auzeni mwachikondi, ndipo musautumize kwina.

Polipira, ndi pakhomo la sitolo

Idyani kaye musanapite kukagula, ndipo ngati n'kotheka ana aang'ono atsale ndi wina. Maswiti aja sanaikidwe pafupi ndi polipira mwangozi. Khadi likhale m'manja mzere usanakufikeni, makuponi a m'foni akhale odinidwa kale, chifukwa m'masitolo ena netiweki imavuta. Werenganinso mawu ang'onoang'ono a kuponi iliyonse. Ina imagwira pa kukula kumodzi kokha kwa paketi, ina imafuna mugule ziwiri, ina imati muyambe mwagula zokwana ndalama yakutiyakuti. Yomalizayi ndi yomwe imagwetsa ambiri. Ngati kuponi ikuchotsa £5 mukagula za £40, ndipo za pakope lanu zakwana £37, onjezani sopo kapena mpunga womwe mudzaufune ndithu sabata yamawa. Ngati zakwana £22 zokha, isiyeni.

Katundu akamadutsa pamakina, maso akhale pa kagalasi koonetsa mitengo. Mukalandira lisiti, musatuluke msanga. Imani pambali, kangolo kali pafupi, muwerenge mzere ndi mzere: kodi chomwe chinalembedwa pashelefu ndi chomwe mwalipira? Kodi kuponi yachotsedwa? Kodi palibe chomwe chawerengedwa kawiri? Zolakwika zimachitika, nthawi zambiri popanda wofuna kukuberani, mwina chikwangwani cha selo yatha sanachichotse. Ku South Africa lamulo la 2008 lija limati wogulitsa asakulipitseni mtengo woposa womwe waonetsedwa, ndipo pakakhala mitengo iwiri pa chinthu chimodzi mulipire wotsikawo, kupatula ngati kulakwitsako n'koonekeratu kwa aliyense. N'chifukwa chake ndi nzeru kujambula ndi foni chikwangwani cha chinthu chomwe mwachitengera kutsika mtengo. Mukapeza cholakwika, pitani patebulo lothandizira makasitomala, perekani moni, onetsani lisiti ndi chithunzicho, ndipo nenani modekha zomwe mwaona. Mtsikana kapena mnyamata wa pamakina uja waima tsiku lonse ndipo si iye amaika mitengo. Kumukalipira sikubweza ndalama msanga.

Pansi pa lisiti masitolo ambiri amalemba ndalama yomwe akuti mwapulumutsa. Nambala imeneyo ndi yawo, yowerengera pa mitengo yawo. Yanu ipezeni chonchi: ndalama yomwe munakonza kunyumba, kuchotsapo yomwe mwalipira. Yotsalayo musaisiye m'chikwama momwe isungunukire mu eyataimu ndi zokazinga za panjira. Usiku womwewo ichotseni, muyiike mu envulopu ya zotumiza kumudzi kapena ku akaunti ina, ndipo mulembe pakope. Kenako koperani mitengo ya zinthu zanu khumi ndi ziwiri zija patsamba lake. Lisitilo lijambuleni ndi foni musanalisunge, chifukwa inki ya mapepala amenewa imafufutika pakapita miyezi yochepa, makamaka likakhala padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.